Pellet, slug kapena zoumba nokha: mfuti yampweya yaikulu muziidyetsa chiyani?

Loweruka lina m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwawa, ndinakhoma mapepala awiri pa thabwa, mamita 50 kuchokera pa tebulo lowomberapo, pa famu ya mnzanga kunja kwa mzinda wa Fort Worth ku Texas. Mfuti inali imodzi, yampweya, ya .35 (kukula kwa chipolopolo chake m'mainchi), mpweya wofanana, wowombera yemweyo. Pepala loyamba ndinaliwombera ndi zipolopolo zotchedwa ma pellet, lachiwiri ndi za mtundu wina, ma slug onyezimira amene ndinawagula modula nditamva kuti amafika patali. Nditapita kukaona, ma pellet asanu anali ataboola malo amodzi, bowo loti chala chachikulu n'kuliphimba. Ma slug anali atamwazikana ngati chimanga choponyera nkhuku, ndipo mabowo awiri sanali ozungulira, anali otalika ngati nyemba. Ndiye kuti zipolopolozo zinafika pa pepala zitapendekeka. Mnzangayo, amene ndi wamkulu kwa ine pa zaka ndi pa ulenje pomwe, anagogoda mpope wa mfutiyo ndi chala n'kundiuza kuti woyamba kumufunsa ndi ameneyu, wogulitsa abwere pambuyo.

Kuyambira tsiku limenelo ndimatsatira zomwezo, ndipo ndizo ndikufuna tione bwino pano.

Mfuti zimene tikukambazi si zothyola pakati zija zowombera njiwa. Izi zimasunga mpweya wopanikizidwa m'thanki, kuyambira ma bar 200 mpaka 310 (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya), ndipo anthu amazitchula PCP. Zikafika pa .30 kupita m'mwamba, monga .35, .357, .45 ndi .50, ndizo zimatchedwa big bore. Nzeru yake ndi yakale: asilikali a Austria anayamba kugwiritsa ntchito mfuti yampweya ya Girardoni, ya .46, cha m'ma 1780. Koma zimene zadzaza msika lero ndi za posachedwa. AirForce Texan inatuluka mu 2015 ili .457, Benjamin Bulldog ndi ya .357 yonyamula zipolopolo zisanu, Umarex Hammer ndi ya .50, ndipo FX Impact ya ku Sweden imapezeka mu .30 ndi .35. Zonsezi zimangotchedwa dzina limodzi, koma chakudya chake n'chosiyana.

Pellet, muvi wa nthenga

Pellet ili ndi mutu wolemera, chiuno chopyapyala ndi siketi yamphako kumbuyo. Siketiyo imagwira ntchito ziwiri. Mpweya ukaikankha imatambasuka n'kugwira makoma a mpope, motero ngakhale mpope utakula pang'ono, pellet imadzikonza yokha kuti ikwanemo. Ikatuluka, siketi yomweyo imakokedwa ndi mphepo monga nthenga za kumchira kwa muvi, mutu n'kumatsogola. N'chifukwa chake pellet siivuta. Mutha kugula chitini cha JSB Exact, za ku Czech Republic, za .30 zolemera ma grain 44.75 kapena 50.15 (grain ndi muyeso wa kulemera kwa zipolopolo), kapena za .35 za ma grain 81, ndipo mfuti zambiri zopangidwira pellet zimazilandira tsiku lomwelo popanda kuzinyengerera.

Chimene chimaiwongola ndi chomwechonso chimaibweza. Kukokedwa kuja kumaidya liwiro msanga, ndipo chipolopolo chimene chikuchedwa panjira mphepo yam'mbali imachikankha kwambiri. Pa mamita 50 simudandaula. Pa mamita 100, kamphepo kongogwedeza nsonga za udzu kamaichotsa pa chandamale.

Pellet ilinso ndi liwiro lake limene imakondwa nalo, kawirikawiri pakati pa 850 ndi 920 fps (mafiti pa sekondi). Liwiro la phokoso ndi pafupifupi 1,125 fps, ndipo pellet ikayandikira kumeneko imayamba kudzandira. Mukaiona pa galasi la mfuti ikuzungulira ngati chigoba cha nkhono isanafike pa pepala, dziwani kuti mwaithamangitsa mopyola, kapena mizere yopota imene ili mkati mwa mpope ikuipota kwambiri. Ambiri amene amati ma pellet ndi achabechabe amakhala atatsegula mphamvu yonse ya mfuti.

Za mphamvu, werengani nokha, musadalire cholembedwa pa bokosi. Tengani kulemera kwa chipolopolo m'ma grain, chulukitsani ndi liwiro (fps), chulukitsaninso ndi liwiro lomwelo, gawani ndi 450,240, mupeza ma ft-lb, muyeso wa mphamvu ya chipolopolo. Pellet ya ma grain 81 pa 900 fps imapereka pafupifupi 146. Imeneyo ndi mphamvu yokwanira tinyama tating'ono ndi mapepala a mpikisano, koma si ya mbawala.

Slug, nguli ya mtovu

Slug ilibe siketi. Imaoneka ngati chipolopolo cha mfuti yaonga, nthawi zambiri ili ndi dzenje kumphuno kuti iphwanyuke ikalowa m'nyama. Popeza palibe chouigwira kumchira, imaima chilili chifukwa cha kuzungulira kokha, monga nguli imene ana amaikwapula pabwalo: ikazungulira mokwanira imaima njii, ikachepa mphamvu imayamba kugwedera n'kugwa. Mabowo otalika aja pa pepala langa anali nguli zimene zinagwa zisanafike.

Chouzungulitsa ndi mizere yopota ya mkati mwa mpope. Akalemba 1:16 ndiye kuti chipolopolo chimazungulira kamodzi pa mainchi 16 alionse, ndipo 1:26 ndi yopota pang'onopang'ono. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti chofuna kupota kwambiri ndi utali wa slug, osati kulemera kwake kokha. Pali masamu akale a Greenhill, a mu 1879, amene amathandiza kuyerekeza: 150 kuchulukitsa ndi kukula kwa chipolopolo, kuchulukitsanso ndi kukula komweko, kugawa ndi utali wake, zonse m'mainchi. Slug ya .357 yotalika 0.7 imafuna pafupifupi 1:27, koma yotalika inchi yathunthu imafuna 1:19. Masamuwo sanapangidwire mfuti zampweya, choncho atengeni ngati poyambira chabe, koma amakupulumutsani kugula bokosi la zipolopolo zimene mpope wanu sungathe kuziimika. Kupota kwa mpope wanu mutha kukuyeza nokha: lowetsani ndodo yotsukira yokhala ndi kansalu kothina, ikani chizindikiro pa ndodoyo, muone mainchi amene yalowa pamene yazungulira kamodzi.

Chachiwiri ndi kukula. Popanda siketi yodzikonza, slug iyenera kukwana mu mpope ndendende. Kusiyana kwa .356, .357 ndi .358 ndi kocheperapo kuposa tsitsi la munthu, koma pa pepala kumaoneka ndi maso. Yochepa imalola mpweya kudutsa m'mbali ndipo siigwira bwino mizere. Yokulitsitsa imadya liwiro n'kusiya mtovu wambiri m'mizere. Njira yodziwira ndi iyi. Tulutsani mpweya wonse, chotsani mpope ngati umachotseka, kankhani slug imodzi yofewa ndi ndodo kuchokera kumbuyo mpaka itulukire kutsogolo. Dzanja lanu lidzamva pamene pali pothina ndi pamene pali polobodoka. Mukamva kuti kumapeto kwenikweni kwathina mwadzidzidzi, mpopewo uli ndi choke, kufinya kumene opanga amaikako dala kuti pellet ituluke itagwidwa bwino. Pellet choke imaikomera. Slug, makamaka yaitali ndi yolimba, nthawi zambiri imapweteka nayo, ngakhale zilipo zina zazifupi ndi zopepuka zimene zimadutsamo bwinobwino. Slug yatulukayo iyezeni ndi micrometer, kachipangizo koyeza kukula kwa tinthu tating'ono, ndipo muyambe kuyesa zofanana ndi muyeso umenewo kapena zokulirapo ndi 0.001 ya inchi.

Mpope wanga uja unali wa pellet, wopota pang'ono, wa choke. Ma slug aja analibe mlandu. Ndinawapatsa munthu wina wa mfuti ya mpope wopanda choke ndipo anayenda bwino.

Ikapeza mpope wake, slug imabweza ndalama zanu. Imasunga liwiro, mphepo imaikankha pang'ono, ndipo pa mamita 100 kupita kutsogolo imafika ndi mphamvu imene pellet yaitaya kalekale panjira. Slug ya ma grain 145 pa 800 fps ili ndi ma ft-lb 206 potuluka. Ya .457 ya ma grain 350 pa liwiro lomwelo imayandikira 500. Opanga alipo ambiri: Nielsen Specialty Ammo ku America, H&N ku Germany, ZAN ku Slovenia, ndipo abale athu a ku South Africa ali ndi Javelin yopangidwa komweko. Gulani timapaketi toyesera ta miyeso ingapo musanagule zochuluka. Ngati mfuti yanu ndi ya magazini, yezaninso utali, chifukwa slug yaitali imakana kulowa. Apa mfuti zolowetsa chimodzichimodzi, monga Texan, zili ndi mwayi.

Slug siichotsa kugwa kwa chipolopolo, musanamizidwe. Chochoka pa 900 fps chimatenga nthawi yopitirira gawo limodzi la magawo atatu a sekondi kuti chifike mamita 100, ndipo pa nthawi imeneyo chatsika masentimita oposa 65 kuchokera pa mzere wa mpope. Kulakwitsa mtunda ndi mamita 10 kumakuphonyetsani. Amene akupita ku slug kuti aziwombera patali agulirenso choyezera mtunda.

Zoumba nokha

Njira yachitatu ndi ya anthu a .357, .45 ndi .50 amene amawombera kawirikawiri. Mumagula chikombole, monga za makampani a Lee kapena NOE, mphika wosungunulira, ndi chida chofinyira zipolopolo kuti zonse zikhale muyeso umodzi. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 Celsius. Ukhale wofewa, wosasakaniza kapena wosakaniza pang'ono chabe, chifukwa mpweya ulibe nkhonya ya onga yoti n'kukanikiza chitsulo cholimba m'mizere. Mtovu wa mabatire a galimoto musaukhudze, uli ndi zosakaniza zapoizoni. Sungunulirani panja, kutali ndi ana ndi ziwiya za kukhitchini, ndipo dontho lamadzi lisagwere mu mphika, mtovu umaphulika n'kumwazikira kumaso.

Phindu lake ndi mtengo, komanso ufulu wosankha muyeso umene mpope wanu ukufuna. Vuto lake ndi nthawi ndi kusafanana. Chilichonse chiyenera kukwera pa sikelo, ndipo chopepuka kuposa zinzake chibwerere mu mphika chifukwa mkati mwake muli mphako. Kwa munthu wowombera zipolopolo makumi awiri pa chaka, nyengo yosaka yokha, ntchito imeneyi siipindula. Ziliponso zipolopolo zoburungika ngati nsawawa, zotchipa, zabwino kugwetsera zitini pafupi, ndipo zimathera pomwepo.

Kuchuna mfuti

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo popanda chronograph, kachipangizo koyeza liwiro la chipolopolo, mukungopapasa mumdima. Khutu silingakuuzeni kusiyana kwa 860 ndi 900.

Mkati mwa mfutiyi zimachitika motere. Mukakoka chowombera, sipuling'i imaponya hamala, hamalayo imamenya valavu, valavu imatseguka kwa kanthawi kochepetsetsa, mpweya n'kuthamangira kumbuyo kwa chipolopolo. Mpweya wa m'thanki ndi umenenso umakankha valavu kuti itsekeke. Choncho pali kulimbana kwa awiri, hamala ndi mpweya, ndipo kuchuna ndi kuwagwirizanitsa.

Mfuti zambiri zazikulu zilibe regulator, kachipangizo kochititsa kuti valavu izilandira mpweya wofanana nthawi zonse. Thanki ikadzaza, valavu imalimba kutseguka, motero kuwombera koyamba kumachedwerapo, kwachiwiri ndi kwachitatu kumakwera pamene mpweya watsika pang'ono, kenako liwiro limayamba kugwa. Mukalemba manambalawo amapanga kaphiri. Ntchito yanu ndi kuika zipolopolo zimene mukuzifuna pamwamba pa kaphiriko. Tinene kuti mwadzaza ma bar 207 ndipo mwapeza 905, 880, 850, 815. Kaphiri palibe, ndi chitsikiro chokhachokha, kutanthauza kuti hamala ikumenya mopitirira. Masulani sipuling'i pang'ono. Mukapeza 790, 830, 860, 865, ndiye kuti hamala yachepa mphamvu kapena mwadzaza mopyola. Mangani sipuling'i, apo ayi muzidzaza mochepera. Chimene mukufuna ndi monga 860, 872, 868, 855. Nambala yaikulu mwaitaya, koma zinayi zonsezi zigwera malo amodzi. Pa Texan pali kagudumu kosinthira sipuling'iyo, ndipo slug yolemera imafuna kuti kakwere kuposa yopepuka. Pa .45 ndi .50 musayembekezere zambiri: kuwombera kwabwino kungapo chabe, kenako kudzazanso.

Mfuti ya regulator, monga Impact, imapatsa valavu mpweya wofanana nthawi zonse kuchokera m'kachipinda kotchedwa plenum. Kuchuna kwake n'kosavuta kumva. Ikani regulator pa muyeso umodzi, muzimanga sipuling'i pang'onopang'ono mukuwombera pa chronograph. Liwiro lidzakwera, kenako lidzaima ngakhale mupitirize kumanga. Pamene laimapo ndi denga la muyeso umenewo. Bwererani m'mbuyo mpaka liwiro litsike ndi 3 mpaka 5 pa 100 alionse. Pamenepo ndi pabwino: mpweya suwonongeka, phokoso limachepa, ndipo liwiro silidumphadumpha. Ngati liwiro limenelo lachepera chipolopolo chanu, kwezani regulator muyambirenso, osati kumangomanga hamala. Mfuti yokhala padenga imalira kwambiri chifukwa valavu ikadali yotseguka chipolopolo chitachoka kale, ndipo mpweya wotsalawo umachikankha kumchira potuluka. Yotsika kwambiri pansi pa denga nayonso siikhazikika.

Tsopano onani chifukwa chimene mfuti imodzi imavutikira kudya zonse ziwiri. Pellet imafuna mpweya wochepa ndi liwiro lodekha. Slug yolemera imafuna regulator yokwera, plenum yaikulu, ndipo zambiri zimayamba kugwirizana zikapitirira 900 fps pa mfuti za .30 ndi .35. Mukachunira slug n'kulowetsa pellet, pellet imathamanga mopyola. Mukachunira pellet n'kulowetsa slug, slug imachoka mwaulesi, yosazungulira mokwanira. Sankhani chimodzi. Ngati mukufunadi zonse, FX imagulitsa timipope tamkati tosinthitsa, tina ta pellet tina ta slug, koma mukasintha mulembe m'kabuku manambala a mbali zonse ziwiri.

Poyesa, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Tsukani mpope musanasinthe mtundu wa zipolopolo, ndipo muwombere khumi kapena kuposerapo kuti mtovu watsopano ukhazikike m'mizere musanayambe kuweruza. Gulu la zipolopolo zitatu limanamiza, chifukwa zitatu zitha kugwera pamodzi mwamwayi. Womberani zisanu, katatu kapena kanayi, ndipo musunge mapepala onse, oipa omwe. Yesani pa mtunda umene mudzagwiritse ntchito, pakuti slug imene yachita bwino pa mamita 30 itha kubalalika pa 100. Pa mfuti yopanda regulator, kuilumikiza ku thanki yaikulu yokhala ndi regulator yakeyake kumakuthandizani kuyesa chipolopolo chokha popanda mpweya kusokoneza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchitoyi imatha masiku angapo, osati m'mawa umodzi.

Mpweya wa zonsezi uchokera kuti? Pampu yamanja imakwanitsa mfuti zazing'ono, koma pa .45 mudzapopa thukuta kamukamu chifukwa cha zipolopolo zisanu. Njira yeniyeni ndi thanki ya ma bar 300 kapena kompuresa yokhala ndi sefa yochotsa chinyezi. Mpweya ukhale wamba wouma kapena nitrogen. Oxygen musayese ngakhale kamodzi, ndipo mafuta a galimoto kapena a makina asayandikire valavu kapena podzazira, chifukwa pa mphamvu imeneyi amayaka. Pa mphira gwiritsani ntchito girizi wa silicone. Musapitirire muyeso wolembedwa pa thanki.

Ndiye musankhe chiti?

Maganizo anga ndi awa. Ngati mukuwombera mapepala kapena tinyama towononga mbewu pa mtunda wosapitirira mamita 70, tengani .30 kapena .35 ndi ma pellet, mutsitse liwiro, mukhale pa mtendere. Mupeza kuwombera kochuluka pa thanki imodzi, ndalama zochepa, ndipo pellet ikaphonya imafooka msanga. Anthu ambiri amene ndawaona akulimbana ndi slug samawombera n'komwe pa mtunda umene slug imapambanira. Slug ndi ya amene ali ndi mpope wake, bwalo lalitali, ndi mphepo yoti alimbane nayo.

Pa nyama zazikulu pellet ilibe malo. Kuno ku Texas, kuyambira mu 2018 lamulo limalola kusaka mbawala ndi mfuti yampweya, koma ikhale PCP ya .30 kapena kuposerapo, chipolopolo cha ma grain osachepera 150 pa 800 fps, kapena kuphatikiza kulikonse kopereka ma ft-lb 215. Amenewo ndi malire apansi. Pa nguluwe zakuno, zimene zimafukula minda usiku, ine ndimafuna .45 ndi slug yolemera, pa mtunda waufupi umene ndikudziwa kuti chipolopolo choyamba chigwera pamene ndalozapo. Mfuti yampweya imapha poboola, ilibe mphamvu yogwedeza thupi lonse ngati yaonga, ndipo kusiya nyama ikuthawa ndi bala ndi chinthu chimene mlenje aliyense ayenera kudana nacho.

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Britain, mfuti yampweya yopitirira ma ft-lb 12 imafuna chiphaso cha mfuti. Ku South Africa, ya 5.6 mm kupita m'mwamba yokhala ndi mphamvu yopitirira ma joule 8 (pafupifupi ma ft-lb 6) imawerengedwa ngati mfuti yeniyeni pansi pa Firearms Control Act ya mu 2000, ndiye big bore iliyonse imafuna laisensi. Amene mukuganiza zotumiza imodzi kumudzi, yambani mwafunsa apolisi musanalipire kalikonse.

Pa famu ija, kumbuyo kwa thabwa la mapepala tinaunjikako dothi lofika m'khosi, ngati chulu. Poyamba panali matabwa awiri okhuthala, ndipo slug ya .457 inawaboola onse n'kukagwera kutali m'munda. Madzulo timakumba dothilo ndi fosholo, kusefa, n'kutola mtovu. Ndimayang'ana mmene slug iliyonse yaphwanyukira kumphuno ndi mmene mizere yadindikira m'mbali mwake, ndimalemba m'kabuku, kenako zonse zimabwerera mu mphika wa mnzanga uja.